Masiku anayi ku Brazil: ndipite ku Rio kapena kumudzi kwa alimi a tchizi?

Mai a Yamikani:
Odi pagulu pano. Mundithandize maganizo abale. Mwana wanga wachisamba akumaliza sukulu ya zaulimi ku Lavras, m'chigawo cha Minas Gerais ku Brazil, ndiye mu Julaye muno ndikupita kukaona akulandira pepala lake. Viza yatuluka, tikiti ndagula, ndidzera ku Joni. Mwambo ukatha nditsala ndi masiku anayi ndisanakwere ndege yobwerera. Ine mtima wanga unali ku Rio, kumene kuli chiboliboli cha Yesu chotambasula manja chija. Koma mwanayu akuti ayi amayi, tipite ku São Roque de Minas, kwawo kwa mnzake amene amagona naye chipinda chimodzi. Akuti ndi katauni ka anthu ngati 7,000, kumapiri, ndipo makolo a mnzakeyo amaweta ng'ombe n'kumapanga tchizi. Ndiye ine ndichoke ku Chilomoni, ndiwoloke chinyanja chonse chija, kukaona ng'ombe? Si zomwezi ndinazisiya kwathu ku Ntcheu? Alipo anafikako mbali imeneyo?

Kabaza wa ku Joni:
Kkkkk mami, mwana ameneyo akungoteteza thumba lake basi. Pitani ku Rio mukajambulitse pa gombe la Copacabana, anzanu a kumvano akaone. Mukabwera ndi zithunzi za ng'ombe adzati munathera pa Lizulu.

Mngoni wa ku Angónia:
Amayi, mverani mwana. Ine ndinakhala zaka zinayi ku Belo Horizonte, likulu la Minas Gerais, ndili pasukulu, ndipo ku São Roque ndinafikako kawiri. Choyamba dziwani kuti Brazil si dziko loti m'mawa muli ku Blantyre masana mukudya chambo ku Mangochi. Minas Gerais yekhayo, chigawo chimodzi, mukhoza kulowetsamo Malawi pafupifupi kasanu. Kulikonse kumene musankhe, tsiku lopita ndi lobwerera lithera pampando wa basi. Ndiye funso n'lakuti masiku awiri apakatiwo mukufuna kukhala ndani. Ku Rio mukakhala mlendo wa hotela, foni mutaibisa m'kamisolo, wokulankhulani ali wogulitsa zinthu yekha. Ku São Roque mwaitanidwa pakhomo pa munthu. Zimenezo sizigulidwa ndi ndalama.

Komanso kulibe ng'ombe zokha. Tauniyo ili m'munsi mwa Serra da Canastra, chiphiri chathyathyathya pamwamba, chooneka ngati thiranki yakale yosungiramo zovala, ndiye tanthauzo la dzina lakuti canastra. Pamwambapo boma linakhazikitsa paki mu 1972, ndipo mtsinje wa São Francisco umayambira pomwepo. Eni ake amautchula mwachikondi kuti Velho Chico. Ndi wa makilomita pafupifupi 2,800, kutalika kuposa Zambezi wathu, koma poyambira pake mwana wa sitandade wani akhoza kulumpha.

Kabaza wa ku Joni:
Achimwene a ku Angónia, inu Chipwitikizi munayamwa. Mamiwa akayankhula chiyani kumeneko? Ku Rio bola Chingerezi chimamveka m'mahotela.

Mngoni wa ku Angónia:
Apo mwanena zoona aise. Kumidzi ya ku Brazil Chingerezi kulibiretu, ngakhale kwa achinyamata ambiri. Ndipo musaganize kuti ine zinandiyendera. Chipwitikizi chimene tinaphunzira ku Tete ndi cha anthu a ku Minas zili ngati Chichewa cha m'buku ndi cha anyamata a pa Wenela. Amameza mawu theka. Chinthu chilichonse kwa iwo ndi trem, kutanthauza sitima: supuni ndi trem, matenda ndi trem, nkhani ndi trem. Ndipo chiganizo chilichonse amathira uai, monga ife timanenera kuti "iii" kapena "nanga". Sabata yoyamba ndinkangogwedeza mutu. Koma amayiwa ali ndi womasulira wawo amene anamubereka okha, vuto palibe. Angoloweza bom dia (moni wa m'mawa), obrigada (zikomo), ndi com licença polowa m'nyumba ya eni.

Chimodzi ndikuchenjezeni. Munthu wa ku Minas akakuuzani kuti malo ali logo ali, kutanthauza "pompano apa", mangani nsapato. Ndi pompano wa agogo akumudzi uja, woloza ndi mlomo, woti muyenda mpaka dzuwa kupendeka. A ku Brazil anzawo amawaseka nazo.

Namwino wa ku Leeds:
Amayi zabwino zonse, mwana wakuchotsani manyazi. Ine ndinene za ntchito yanga. Katemera wa yellow fever mubayitse masiku osachepera 10 musananyamuke, ndipo kabuku kachikasu kaja kakhale limodzi ndi pasipoti. Minas Gerais inavutika kwambiri ndi matendawa mu 2017 ndi 2018, makamaka kumidzi, ndiponso pobwerera kudzera ku South Africa akhoza kukufunsani kabukuko chifukwa mukuchokera ku Brazil. Chachiwiri ndi nkhupakupa. Miyezi yachilimwe zimachuluka m'maudzu momwe mumadya ng'ombe ndi akavalo, ndipo zina zimapatsa malungo oopsa otchedwa febre maculosa. Valani thalauza ndi sokosi mukamayenda kutchire, madzulo mudzifufuze thupi lonse. Mukadzamva kutentha thupi mutabwerera, muuzeni dokotala kumene munali, asangothamangira mankhwala a malungo. Mankhwala anu a BP mutenge okwanira, m'mabokosi ake.

Mai a Yamikani:
Zikomo anamwino. Thalauza pa msinkhu wanga uno kkkk, chabwino ndivala mkati mwa chitenje. Nanga nyengo? Ine ndalongedza madiresi opepuka, Brazil si kotentha?

Mngoni wa ku Angónia:
Tsitsani sutikesiyo amayi! Nyengo zawo zimayenda limodzi ndi zathu: mvula kuyambira cha mu Okutobala mpaka Malichi, Juni ndi Julaye kuzizira. São Roque mu Julaye m'mawa ndi Dedza weniweni, ndipo pamwamba pa phiripo, pamene pena pamayandikira mamita 1,500, mphepo yake imalowa m'mafupa. Juzi, mpango, sokosi. Ubwino wake miyezi imeneyi misewu yafumbi imapitika. Nthawi ya dzinja popanda galimoto yamphamvu mukhoza kugona m'matope.

Za kayendedwe: ngati mnzake wa mwanayo alibe galimoto, mukwera basi mpaka tauni yotchedwa Piumhi, ndiye kuchokera apo patsala makilomita ngati 60. Mabasi a chigawo chomalizachi ndi owerengeka, si ngati minibasi za ku Limbe zoti ina ikapita ina ikubwera. Ine ulendo woyamba ndinaiphonya ndi mphindi zochepa, ndinagona pa Piumhi osakonzekera. Funsiranitu nthawi.

Ndalama: tengani ma real m'manja. Anthu kumeneko amalipirana pa foni ndi njira yotchedwa Pix, imene banki yaikulu ya dziko lawo inayambitsa mu 2020. Ngakhale wogulitsa nthochi ali nayo. Koma imafuna akaunti ya konko ndi nambala yawo ya msonkho yotchedwa CPF, ndiye mlendo amangoyang'ana. Khadi la banki limagwira m'masitolo a m'tauni, koma kumafamu netiweki imavuta.

Mphunzitsi Wopuma:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Mai a Yamikani, funso lanu loti "si zomwezi zili kwathu" lili ndi yankho lalitali kuposa mmene mukuganizira. Chinangwa chimene timadya chinachokera ku Brazil komweko, anabwera nacho ku Africa ndi Apwitikizi. Mawu oti kachasu ndi cachaça, mowa wawo wotcheza kuchokera ku nzimbe, umene Minas Gerais amatchuka nawo. Nsapato ndi sapato, mbatata ndi batata, kalata ndi carta, kapitawo ndi capitão. Mukapita kumeneko muli kale ndi mawu angapo m'kamwa.

Koma zombo zimene zinabweretsa chinangwa sizinkabwerera zopanda kanthu. Brazil inalandira akapolo ochokera ku Africa oposa 4 miliyoni, kuposa dziko lina lililonse, ndipo inachedwa kuthetsa ukapolo mpaka pa 13 Meyi 1888. Ambiri anachokera ku Angola ndi Congo, koma m'zaka za m'ma 1800 zombo zambiri zinkanyamukira ku Quelimane ndi ku chilumba cha Mozambique, ndipo anthu amene ankagulitsidwa kumeneko ena ankagwidwa m'chigwa cha Zambezi ndi kumtunda kuno. Minas Gerais, dzina lake lomwe likunena migodi, inamangidwa ndi golide wokumbidwa ndi manja a anthu amenewo. Ndiye mukakaona therere pa mbale, musadabwe.

Mngoni wa ku Angónia:
Aphunzitsi mwandikumbutsa tsiku limene ndinalira pagulu ngati mwana. Ku Minas kuli zikondwerero zotchedwa Congado, za Akatolika akuda, zolemekeza Amayi Maria a Korona. Magulu ovina amakhala ndi mayina, ndipo gulu lina lolemekezeka kwambiri, limene limaperekeza mfumu ndi mfumukazi ya chikondwererocho, dzina lake ndi Moçambique. Amamanga tizitini tokhala ndi njere m'miyendo, amati gunga, n'kumaponda pansi mogwirizana ndi ng'oma. Ine nditaima m'mbali mwa msewu kunja kwa Belo Horizonte ndinangomva phokoso la kwathu. Nditawauza kuti ndine wa ku Mozambique weniweni, nkhalamba ina inandigwira dzanja osafuna kulisiya. Zambiri zimachitika cha mu Ogasiti mpaka Okutobala, ndiye amayi mwina simuzipeza.

Kabaza wa ku Joni:
Eee gulu lasanduka kalasi ya mbiri. Chabwino ndagonja theka. Koma funso langa lenileni ndi ili: munthu wakuda bii ngati ife, m'katauni koteroko, amamuona bwanji? Ife kuno tinaphunzira kuti ukalowa m'tauni ya mafamu uyambe waona nkhope za anthu.

Mngoni wa ku Angónia:
Funso labwino, ndipo sindikunamizani kuti Brazil kulibe tsankho. Liliko, lobisika m'kumwetulira. Kalembera wa 2022 anapeza kuti anthu oposa theka amadzitchula akuda kapena osakanizika, koma lowani m'lesitilanti yodula ku São Paulo muone amene wakhala pansi ndi amene akutsuka mbale. Ine m'sitolo zazikulu za mumzinda mlonda ankanditsatira. Ku São Roque zimenezo sizinandichitikire. Chimene chinalipo ndi chidwi: akangomva kalankhulidwe kuti si ka konko, mafunso osatha, ndi khofi. Khofi mumwa mpaka manja kunjenjemera, chifukwa kukana cafezinho pakhomo pa munthu kuli ngati kukana thobwa kwa apongozi.

Mlimi wa ku Bvumbwe:
Pepani ndalowerera mochedwa, ndinali kokama. Ine nkhani ya Rio sindikuidziwa, koma mawu oti tchizi andidzutsa. Ndili ndi ng'ombe zitatu za mkaka. Tsiku lililonse timapita nawo ku bulking group, mtengo amatiuza ndi ogula, magetsi akazima thanki yoziziritsira ikaima mkaka umawawasa n'kutayidwa. Ndiye anthu awa akupanga tchizi pakhomo, opanda fakitale? Amatani kuti asaonongeke? A ku Angónia tafotokozani, ndipo Mai a Yamikani ngati mupite, mukhale maso anga chonde.

Mngoni wa ku Angónia:
Bambo, zimene ndinaona ndi izi. Amakama m'mawa, mkaka osauwiritsa, ukadali wofunda amausefa n'kulowa nawo m'kanyumba kaukhondo kopangira tchizi. Amathiramo mankhwala ogwiritsa mkaka otchedwa coalho, ndi chinthu china chimene ndicho chinsinsi chonse, pingo. Pingo ndi madzi amene amadontha usiku kuchokera ku tchizi wa dzulo atamuthira mchere. Amawatola m'mawa n'kuthira mu mkaka watsopano, monga amayi athu ankasiyira chambiko pang'ono m'chikho kuti cha mawa chigwire msanga. Khomo lililonse lili ndi pingo wake, n'chifukwa chake tchizi wa mabanja awiri oyandikana amakoma mosiyana. Mkaka ukagwirana amaudula, amaufinya ndi manja m'kansalu, amauika m'zikombole zozungulira, mchere wamiyala mbali imodzi kenako inayo. Akatero amauyanika pa mashelefu a matabwa, kumautembenuza tsiku ndi tsiku kwa masabata, mpaka khungu lichite chikasu. Pamafunika malita pafupifupi 10 kuti mupeze kilogalamu imodzi. Madzi otsala amamwetsa nkhumba.

Ndipo musaganize kuti boma linkawaombera m'manja kuyambira kale. Kwa zaka zambiri malamulo sankalola tchizi wa mkaka wosawiritsa kugulitsidwa kunja kwa chigawo chawo, moti ankapita naye ku São Paulo mozemba, usiku, ngati makala pa Zalewa. Zinthu zinatembenuka pang'onopang'ono. Mu 2008 kapangidwe kameneka kanalembedwa ngati chuma cha chikhalidwe cha dziko, mu 2015 tchizi wa ku São Roque anapata mendulo ya siliva pa mpikisano ku Tours ku France, mu 2018 kunabwera lamulo la chizindikiro chotchedwa Selo Arte lolola kugulitsa dziko lonse, ndipo mu Disembala 2024 UNESCO inavomereza kapangidwe ka tchizi wa ku Minas ngati chuma cha anthu onse.

Namwino wa ku Leeds:
Ndisakhale wosokoneza phwando, koma bambo a ku Bvumbwe musakayambe mawa ndi mkaka wosawiritsa. Alimi ovomerezeka kumeneko ng'ombe zawo zimayezedwa TB ndi matenda otchedwa brucellosis, madzi amayezedwanso. Popanda zimenezo mudwalitsa mudzi.

Mlimi wa ku Bvumbwe:
Ndamva anamwino. Ndikungofuna kudziwa kaye.

Mai a Yamikani:
Abale mwandigonjetsa. Ndamuuza mwana kuti tipita kwa ang'ombewo. A Kabaza, Copacabana mudzanditengera ndinu mukalemera.

Mai a Yamikani:
Odi odi! Ndabwerako abale, ndafika Lachiwiri, miyendo idakali yotupa ndi ndege. Maola pafupifupi asanu ndi anayi kuchoka ku São Paulo kufika ku Joni, ndipo thupi likadali m'mbuyo ndi maola asanu, usiku ndikungoyang'ana kudenga. Ndinalonjeza lipoti, nali. Mukhululuke kutalika.

Tinanyamuka ku Lavras pa galimoto ya malume ake a mnzake wa mwana uja. Ine njira yonse mtima uli m'mwamba chifukwa amayendetsa kumanja, galimoto iliyonse yobwera ndinkaona ngati itiwomba. Minda ya khofi mbali zonse, mapiri athunthu, mizere yowongoka ngati tiyi wa ku Thyolo. Tinadutsa pa Piumhi, tinafika São Roque madzulo. Katauni kake n'kakang'ono zoona: tchalitchi, bwalo lokhala ndi mabenchi patsogolo pake, madala atakhala ndi zipewa zawo, masitolo a tchizi, agalu ogona pamsewu. Koma magetsi ali ponseponse, madzi m'mipope, ndipo sindinaone mayi atasenza ndowa.

Kufamuko anati ndi logo ali. Achimwene a ku Angónia, ndinaseka ndekha m'galimoto! Fumbi, zipata zotsegula ndi kutseka, timilatho ta zitsulo totalikirana toti ng'ombe isawoloke, mdima mpaka kugwa. Titafika, malume aja anatsika, anaima pa chipata n'kuyamba kuomba m'manja, akukuwa kuti "ô de casa!" Ndinamugwira mwana wanga pamkono, ndati kodi akuodira? Akuti eya amayi, kuno sagogoda. Kuyambira pamenepo mantha anandithera.

Mayi a pakhomopo ndi a msinkhu wanga. Anandikumbatira ngati tinasiyana dzulo, anandikokera kukhitchini, chifukwa kumeneko mlendo wolemekezeka malo ake ndi kukhitchini, osati pabalaza. Pali chitofu cha nkhuni chomangidwa ndi njerwa, chachitali ngati tebulo, chopaka chofiira, miphika inayi nthawi imodzi, utsi ukutulukira pa chumuni osalowa m'maso. Moto suzima tsiku lonse. Pamwamba apachika nyama ya nkhumba. A ku Bvumbwe, chitofucho ndajambula mbali zonse, ndikufuna mmisiri andimangire ku Ntcheu.

Chakudya cha usiku umenewo: nkhuku yachikuda yophika ndi therere lobala, nyemba, masamba oduladula bwino ngati repu amene amati couve, mpunga, ndi angu. Aphunzitsi, ndinakukumbukirani. Angu ndi ufa wa chimanga chachikasu wophika m'madzi, wopanda mchere, koma wofewa, pakati pa phala ndi nsima, ndipo amadya ndi foloko. Ndinadya mwaulemu, koma m'mtima ndikuti nsima iyi yaphikidwa ndi munthu wamantha. Mawa lake ndinapempha mphika ndi mthiko. Tinapeza ufa m'kabati, ndinatakasa mpaka thukuta, mayi aja akungoti "uai, uai!" poona kulimba kwake. Ndinawasambitsa m'manja onse ndi beseni ndi jagi, bambo a pakhomopo poyamba, ndipo tinadya ndi manja. Agogo aakazi a pamenepo, a zaka za m'ma 80, sanavutike n'komwe. Anati iwo ali mwana ankaumba nyemba ndi ufa wa chinangwa m'manja momwemo, ndipo mbamu yoteroyo amaitcha capitão. Kapitawo, aphunzitsi!

Kabaza wa ku Joni:
Mami mwapita ku Brazil kukatakasa nsima kkkkk. Amalawi sitidzatheka.

Mai a Yamikani:
Dikirani a Kabaza sindinathe. Tsiku lachiwiri tinakwera phiri pa galimoto ya munthu wodziwa njira. Amene munafikako ku Nyika, ndi chimodzimodzi: udzu wokhawokha mpaka kumene maso alekezera, miyala, mphepo, zulu zambirimbiri. Poyambira mtsinje paja pali chiboliboli chaching'ono cha Fransisko Woyera ndi kamadzi koyera mbee. Wotiyendetsayo anati mu 2014 kunali chilala choti kasupeyo anauma, dziko lonse linachita mantha. Pobwerera anaimitsa galimoto mwadzidzidzi, akuloza. Chinyama chachikulu ngati mwana wa ng'ombe, mlomo wautali ngati chitoliro, mchira ngati tsache la bwalo, chikufukula chulu mosatekeseka. Amati tamanduá-bandeira, chimadya chiswe ndi nyerere ngati ngaka yathu koma chilibe mamba. Nkhandwe yawo yofiira ya miyendo italiitali, lobo-guará, imene ili pa ndalama ya 200 real, sitinaione, akuti imayenda kukamada.

Tsiku lachitatu tinazungulira kumunsi, kudzera ku São José do Barreiro, kukaona mathithi a Casca d'Anta. Mtsinje womwe uja umagwa kuchokera pa khoma la phiri mamita 186. Tinayenda pansi m'nkhalango mwina theka la ola, ine ndi mawondo angawa, ndipo usanafike n'komwe umayamba kunyowa ndi nthunzi yake. Ndinakhala pamwala, ndinaimba nyimbo ya kumvano ndekha, madzi akundimeza mawu. Nkhupakupa ziwiri ndinazipeza madzulo, anamwino, ndinazichotsa, ndili bwino.

Mphunzitsi Wopuma:
Mwayerekeza ndi Nyika, ndipo kufananako kukupitirira pa udzu. Pamene Nyika ankaikuza mu 1978 anthu anasamutsidwa m'midzi yawo. Kodi kumeneko paki inapeza malo opanda anthu?

Mai a Yamikani:
Ayi aphunzitsi, bala lake ndi lomwelo. Nkhaniyi inatuluka usiku tikuwotha moto. Bambo a pakhomopo anati pamwamba paja mabanja ankadyetsapo ng'ombe kuyambira makolo awo, ndipo paki itabwera, nthawi ya ulamuliro wa asilikali, anthu anachotsedwa mokakamiza. Makola a miyala akadalipo, tinawaona. Mpaka lero akuti pali mabanja amene minda yawo ili m'malire a paki pa mapu, ndipo nkhani ya malipiro ndi malire yakhala ikukokedwa zaka ndi zaka. Anayankhula nthawi yaitali, mwana wanga anatopa kumasulira. Koma bambo omwewo amagulitsa tchizi kwa alendo obwera kudzaona pakiyo, ndiye anamaliza n'kuseka okha.

Mlimi wa ku Bvumbwe:
Amayi, za ine munakumbuka?

Mai a Yamikani:
Ndikanaiwala bwanji bambo. Ndinadzuka nawo 5 koloko, kuzizira koti zala kuuma. Ng'ombe zokama zinali ngati makumi awiri, akama ndi bambo ndi mwana wawo wamkazi. M'kanyumba ka tchizi sanandilole kulowa ndi zovala zanga: anandipatsa jombo zoyera, chovala kumutu, kusamba m'manja mpaka m'zigongono. Mawindo onse ali ndi sefa, ntchentche ngakhale imodzi. Zonse zili monga ananenera a ku Angónia. Ntchito imeneyi ilibe Sande, ilibe maliro, ilibe Khirisimasi, ndipo mayi aja manja awo ndi olimba ngati a mwamuna. Anati sanagonepo kunja kwa famuyo masiku oposa awiri chikwatiwire. Ndiye musaone ngati ndi zophweka.

Koma chimene chinandikhudza n'china. Ndinafunsa kuti ndalama zomangira kanyumbako anazipeza kuti. Anati ku kopaletivu yawo ya ngongole. Akuti mu 1991 banki yokhayo imene inali m'tauniyo inatsekedwa. Anthu ankapita ku Piumhi kukalandira penshoni, n'kugula zonse konko, masitolo a ku São Roque n'kuyamba kufa, achinyamata n'kumathawa. Ndiye anthu ochepa anasonkhana n'kutsegula SACCO yawoyawo, Saromcredi, imene lero ili m'gulu la makopaletivu a ngongole lotchedwa Sicoob. Ndalama za m'tauni zinayamba kuzungulira m'tauni momwemo, kubwereketsa alimi a khofi ndi a tchizi, mpaka anathandiza kutsegula sukulu. Ine ndinaganiza za banki mkhonde yathu ya ku Chilomoni, imene timagawana Disembala aliyense n'kuyambiranso pa ziro.

Mlimi wa ku Bvumbwe:
Apo ndiye mwandilasa. Ife timagulitsa mkaka lero lomwelo chifukwa mawa uwola, ndiye wogula amatiuza mtengo ali chikhalire. Iwowo akhoza kunena kuti ayi, tchizi wanga akhale pa shelefu. Loweruka tili ndi msonkhano wa gulu lathu, ndikawerenga zimene mwalembazi pamaso pa onse.

Kabaza wa ku Joni:
Nanga tchiziyo mwatibweretsera? Kapena tingomva fungo pa foni?

Mai a Yamikani:
Anandipatsa wathunthu, wokulungidwa bwino, koma mwana anati zamkaka pa malire zimafuna zilolezo, akhoza kukulandani pabwalo la ndege mulire. Ndiye tinamudya ku São Paulo usiku womaliza, ndi goiabada, phala lolimba la magwafa limene amadyera limodzi ndi tchizi. Chimene ndabwera nacho ndi khofi, ndi kaphikidwe ka pão de queijo, timabanzi ta tchizi topangidwa ndi sitalichi wa chinangwa, kolembedwa ndi dzanja la mayi aja m'Chipwitikizi. Ine ndinawasiyira zitenje ziwiri ndi mthiko umene ndinanyamula kuti ndimupatse mwana. Tsiku lonyamuka tinalira tonse awiri pa chipata, chinenero osamvana. Dzulo anditumizira uthenga wa mawu pa WhatsApp wa mphindi zinayi. Ndamvapo "uai" katatu ndi dzina langa basi.

Mngoni wa ku Angónia:
Tumizani kuno amayi, ndikumasulirani ndikaweruka. Ndi chithunzi cha pepala la pão de queijo lija, muonetsetse ngati analemba polvilho azedo kapena polvilho doce, chifukwa ndi ufa wosiyana. Wowawasa uja, azedo, ndi umene umafufumitsa.

Mlimi wa ku Bvumbwe:
Ndipo powayankha muwafunsireko mashelefu aja ndi a mtengo wanji, ndi kuti ng'ombe zawo ndi za mtundu wanji. Loweruka lisanafike ngati n'kotheka.